KODI CAKUDYA CINGACOTSE TIMIYALA TA M'NDULU?

Mai aliyense amene anatumbulapo nkhuku aidziwa ndulu. Ndi kathumba kobiriwira kaja komamatira ku ciwindi, kamene timadula mosamala cifukwa kakangophulika ndiwo yonse iwawa. Munthu nayenso ali nako kathumba kotere. Sabata ino tikamba za bvuto limene anthu a m'makomboni ayamba kulimva kawiri-kawiri akapita kukapimitsa, ndilo timiyala topangika m'kathumba ka ndulu, pamodzi ndi matope amene amadikha m'menemo timiyalato tisanapangike.

Munthu akauzidwa kucipatala kuti sikani yaonetsa timiyala, mtima umathamangira ku opareshoni, ndipo opareshoni anthu aiopa. Pofika kunyumba apeza alangizi ambiri. Wina akuti imwani madzi a mandimu m'mawa uliwonse, wina akuti viniga, wina abwera ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena za mafuta a olive, wina akuti lekerani mafuta onse. Tsono yankho tilinene poyamba pomwe kuti amene sawerenga mpaka pansi alimve. Kadyedwe kabwino kathandiza kuti timiyala tisapangike, kathandiza kuti matope acoke, ndipo kwa ambiri kacepetsa kubwera-bwera kwa ululu. Koma kamwala kakalimba kale, palibe cakudya kapena cakumwa cimene cikasungunula. Amene akuuzani kuti ali naco, cenjerani naye, makamaka ngati acigulitsa.

NCHITO YA NDULU

Madzi owawa aja sapangidwa m'kathumba ai. Apangidwa ndi ciwindi, usana ndi usiku, pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa tsiku. Kathumba ndi nkhokwe cabe. Kali kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, kutalika kwake masentimita 7 kufika 10, ndipo kasunga pafupi-fupi masapuni akulu atatu. Cifukwa malo ndi ocepa, kathumbaka kamayamwa madzi ndi kusiya ndulu yokhathamira, yamphamvu kasanu kapena kakhumi kuposa mmene inacokera ku ciwindi.

Mukadya cakudya ca mafuta, cikafika m'matumbo ang'ono, matumbowo atumiza uthenga m'magazi ndipo kathumba kadzifinya. Ndulu itsika m'kanjira kopapatiza, nikasakanizika ndi cakudya. Nchito yake ndi yofanana ndi ya sopo m'mbale ya mafuta: kuswa mafutawo kukhala timadontho tating'ono kuti thupi liwayamwe. Sungani mfundo imeneyi, pakuti zonse za pansipa zatsamira pa iyo: cimene cifinyitsa kathumba ka ndulu kwambiri ndi mafuta. Mafuta akaculuka kafinyika mwamphamvu, mafuta akasoweratu kangogona.

M'ndulu muli zinthu zingapo zosungunuka, koma ziwiri ndizo zitikhudza pano. Cina ndi mtundu wa mafuta ochedwa kolesitulo, cina ndi utoto wacikasu wocokera ku magazi amene atha nchito. Mukaika shuga wambiri m'kapu ya tiyi, wina akana kusungunuka nakhala pansi. Ndi mmene zicitikira m'ndulu. Kolesitulo akapitirira muyeso, kapena kathumba kakakhala nthawi yaitali osadzikhuthula, tinthu tonga mcenga wosalala tiyamba kudikha pansi monga masese a tobwa m'cigubu. Amenewa ndiwo matope a ndulu amene adotolo aona pa sikani. Pakapita miyezi kapena zaka, timcenga timeneti tigwirana ndi kulimba, nitisanduka timiyala. Tina ticepa ngati njere ya mawere, tina tikula kufika pa dzira la nkhuku. Wina apezeka ndi kamodzi, wina mazana.

Apa tiwongole maganizo amene afala. Timiyala timeneti siticokera ku mcenga wa mu mpunga kapena wa mu kapenta, ndiponso siticokera ku dothi limene amai ena apakati amadya, ngakhale kuti dothilo lili ndi zoipa zake zina. Cakudya sicilowa m'kathumba ka ndulu. Ndiponso ndi tosiyana ndi timiyala ta mu impso. Ta mu impso ndito timene kumwa madzi ambiri kuthandiza kutulutsa ndi mkodzo. Ta m'ndulu tilibe njira yopita ku mkodzo, ngakhale mumwe mgomo wathunthu.

NDANI AGWIDWA

Akazi agwidwa kwambiri kuposa amuna, pafupi-fupi kawiri. Cifukwa cake ndi mphamvu za cikazi za m'thupi, zimene zionjeza kolesitulo m'ndulu ndi kufooketsa kufinyika kwa kathumba, makamaka pa nthawi ya pakati. Mai wobereka ana ambiri, munthu wopitirira zaka 40, wonenepa makamaka pamimba, wodwala shuga, ndiponso amene mai wake kapena mbale wake anadwalapo, onsewa ali pafupi ndi bvutoli. Mapilisi olerera ena aonjezako pang'ono, koma musaleke kumwa musanakambirane ndi anamwino a ku kiliniki.

M'zaka za m'ma 1970, Dr Denis Burkitt, dotolo wa opareshoni amene anasewenza zaka zambiri ku Uganda, analemba kuti timiyala ta m'ndulu tinali tosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa pamene ku Ulaya tinali ponse-ponse. Iye analoza ku cakudya: anthu a kumudzi anali kudya ufa wosacotsa gaga, nyemba ndi masamba ambiri, shuga ndi mafuta pang'ono. Gaga sindiye yankho lonse, koma yang'anani mbale ya m'tauni lero. Ufa woyera mbee, buledi woyera, tiyi wa masapuni anai a shuga, vitumbuwa, machipisi, soseji, ndiwo zosambira m'saladi, kuonjezapo kukhala pansi tsiku lonse pa kantemba kapena pa mashini osokera. Matenda amene makolo athu anali kuwamvera kutali atipeza cifukwa mbale yathu yasintha.

Pali gulu lina limene kadyedwe sikalikhudza konse, ndipo m'dziko lathu lino ndi gulu lalikulu: odwala sickle cell. Mwa munthu wabwino-bwino, tizigawo tofiira ta magazi tikhala masiku pafupi-fupi 120, koma mwa wodwala sickle cell tifa pakapita masiku 10 kufika 20 cabe. Utoto wacikasu uja uculuka kwambiri, nupanga timiyala takuda, ngakhale mwa mwana wa pa pulaimale. Makolo a ana otere musadziimbe mlandu kuti munadyetsa mwana molakwa, ndiponso musammane cakudya poganiza kuti mucotsa timiyala. Mwana wa sickle cell afunika kudya mokwanira. Akamadandaula kuwawa kunsi kwa nthiti za kumanja, musangoti ndi kuwawa kwa masiku onse kuja. Uzani adotolo kuti aone ndulu.

MATOPE ACOKA, MWALA SUCOKA

Nkhani yabwino ili pa matope. Popeza sanalimbe, kathumba kakayambanso kudzikhuthula bwino matope atha kukokoloka okha. Amai apakati ambiri, mwina mmodzi pa atatu alionse, amakhala ndi matope m'miyezi yomaliza, ndipo mwa ambiri a iwo matopewo amatha pakapita miyezi yocepa atabereka. Munthu amene anadwala kwambiri nakhala masiku ambiri osadya, kapena amene anaonda mofulumira, nayenso apezeka nao. Nyeleti ya ceftriaxone, imene isewenzetsedwa kwambiri m'zipatala, imabweretsanso matope mwa ena, koma amatha mankhwalawo akalekedwa. Motero dotolo akakuuzani kuti muli ndi matope cabe ndipo simumva kuwawa, nthawi ya kukonza kadyedwe ndi yomweyo. Musawapeputse, pakuti mwa anthu ena amasanduka timiyala, ndipo ngakhale matope okha atha kutseka kanjira ndi kubweretsa ululu.

Za timiyala tolimba, dziwani kuti pa anthu 10 amene ali nato, pafupi-fupi 8 samva kanthu. Ambiri atulukira mwangozi, pamene apita ku sikani ya pakati kapena ya bvuto lina. Timiyala togona cete totere kawiri-kawiri adotolo satikhudza, pakuti pa caka ndi anthu awiri kapena atatu cabe pa 100 amene ayamba kumva kuwawa. Ululu ubwera pamene kathumba kadzifinya ndipo kamwala katseka pakhomo. Uyamba pacifu kapena kunsi kwa nthiti za kumanja, kawiri-kawiri usiku pambuyo pa cakudya conona, nulasa kumsana kapena ku phewa la kumanja. Si wobwera ndi kupita ngati kupotokola kwa m'mimba. Ugwira osaleka kwa theka la ola kapena maola angapo, munthu asowa pogonera, acita nseru, mwina asanza. Ambiri atha zaka akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba pamene bvuto lili m'ndulu. Ululu wotere ukabwera kamodzi, kawiri-kawiri umabweranso.

MAFUTA: CEPETSANI, KOMA MUSALEKERETU

Tsopano tifike m'khichini. Munthu amene timiyala tayamba kumbvutitsa ayenera kupewa cakudya cimene cifinyitsa kathumba mwankhanza, ndico ca mafuta ambiri odyedwa nthawi imodzi. Vitumbuwa, machipisi, soseji, nyama ya nkhumba yonona, vimbombo, matumbo a ng'ombe, michopo ya mafuta, khungu la nkhuku za broila, majarini wopaka mocindikala, mayonezi. Zimenezi ndizo zigoneka anthu ambiri pa Khrisimasi ndi pa maukwati.

Koma mafuta oculuka m'nyumba zathu sacokera ku zinthu za pa cikondwerero. Acokera m'botolo ya saladi. Amai ambiri sapima, angopendeketsa botolo mpaka pansi pa poto pawale, ndipo kapenta wa anthu anai amwa theka la kapu. Yesani kupima ndi sapuni. Kapenta mubviike m'madzi ofunda, mumkazinge pouma pang'ono, ndipo muthire tomato ndi anyezi ndi sapuni imodzi yaikulu ya saladi. Nkhuku isendeni khungu musanaphike. Nyama iwiritseni, muisiye izizire, muyengule mafuta oyera amene agwirana pamwamba, ndipo mutenthetse. Nsomba yaiwisi iocheni pa mbaula kapena muiphike ndi tomato m'malo moimiza m'mafuta. Abambo ena adzadandaula kuti msuzi sukunona. Adandaule, botolo ya saladi idzafika kumapeto kwa mwezi.

Cenjezo lili apa, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Wina akamva kuti mafuta ndiwo abweretsa ululu, alekeratu, namangodya phala la madzi ndi masamba owiritsa. Kutero ndi kugoneka kathumba ka ndulu. Kakagona, ndulu ikhathamira, matope adikha, timiyala tionjezeka. Ofufuza anapeza kuti kathumba kafuna magalamu 7 kufika 10 a mafuta pa cakudya kuti kadzikhuthule bwino. Amenewa ndi masapuni ang'ono awiri, a tiyi aja, pa munthu mmodzi. Motero lamulo ndi mafuta pang'ono, pa cakudya ciliconse, tsiku lililonse, osati kusala sabata yonse ndi kudzabwezera pa Sondo. Ndipo mafuta a mbeu, monga a mpendadzuwa, a soya ndi a nshawa, aposa mafuta a nyama amene amagwirana akazizira.

Nshawa ziyenera ndime yake. Ku America, ofufuza a pa Harvard anatsatira anamwino acikazi opitirira 80,000 kwa zaka 20, ndipo mu 2004 analengeza kuti amene anali kudya kadzanja ka nshawa kapena mtedza wina kasanu pa sabata kapena kuposapo, ngozi yao yocotsedwa ndulu inacepa ndi gawo limodzi mwa magawo anai poyerekeza ndi amene sanali kudya. Kwa ife a kum'mawa kuno, kumene nshawa ndi za pakhomo, imeneyi ndi nkhani yokondweretsa. Cibwabwa cotendera ndi bondwe wotendera ndi ndiwo zabwino kuposa lepu wokazinga m'saladi. Komabe pafupi-fupi theka la nshawa ndi mafuta, motero amene ululu unayamba kale athire nsinjiro mocepa, aone mmene thupi liyankhira. Cimodzi-modzi ndi kotapela. Ndipo nshawa zacuku kapena zowawa tayani, pakuti cuku cimeneco cili ndi poizoni woononga ciwindi.

UFA, SHUGA NDI NTHAWI YA KUDYA

Anthu adabwa akamva kuti shuga, amene alibe mafuta, apanga timiyala ta mafuta. Njira yake ndi iyi: shuga ndi zakudya za ufa woyera zikaculuka, thupi litulutsa insulini wambiri, ndipo insulini akaculuka ciwindi cithira kolesitulo wambiri m'ndulu. Ndiye cifukwa cake shuga, kunenepa ndi timiyala zimayendera pamodzi. Cepetsani masapuni a m'tiyi pang'ono-pang'ono mpaka lilime lizolowere. Zakumwa za m'mabotolo ndi maheu ogula otsekemera kwambiri zikhale za kamodzi-kamodzi.

Pa ufa, roller meal aposa breakfast, ndipo mgaiwa wa kucigayo uposa onse. Tidziwa kuti m'komboni thumba la breakfast lili ndi ulemu wake, ndipo ena acita manyazi alendo akaona nsima yoderako. Manyazi amenewo alibe phindu. Gaga ndi zina zokhakhala za m'zomera zifulumiza cakudya m'matumbo ndipo zithandiza kuti ndulu isakhale yodzala kolesitulo. Ngati a m'nyumba akana, sakanizani theka ndi theka. Nyemba, nyemba za soya, nandolo ndi nzama zilowe m'malo mwa nyama masiku ena. Masamba akhale ambiri m'mbale kuposa kale: kalembula, cibwabwa, bondwe, mpiru, delele, kabichi. M'mawa kandolo wowiritsa, maungu kapena cimanga cacikulu m'malo mwa buledi woyera. Zipatso za nyengo yake, magwafa, mapapaya, mango, masuku, malalanje, zonse ndi zabwino.

Nthawi ya kudya nayo ndi mankhwala. M'nyumba zambiri munthu auka, apita ku nchito kapena ku msika osalawa kanthu, masana apitirira, ndipo usiku adya nsima yaikulu ndi ndiwo za mafuta nagona. Kwa ndulu palibe ndondomeko yoipa kuposa imeneyi. Kathumba kakhala maola 20 kali cigonere, matope akudikha, ndipo mwadzidzidzi kauzidwa kufinyika ndi mphamvu zonse. Sitikuti muonjeze bajeti, pakuti tidziwa mmene zinthu zadulira. Cakudya comweco cigaweni katatu kapena kanai. Ngakhale kaphala ka nsinjiro m'mawa, kapena mbatata yotsala dzulo ndi nshawa zocepa, zikwanira kudzutsa ndulu. Amene muli ndi timiyala kapena matope ndipo mufuna kusala cakudya masiku angapo pa mapemphero, yambani mwafunsa adotolo.

Za mazira, kabichi, nyemba ndi tsabola mudzamva zosiyana-siyana. Palibe mndandanda umodzi wokwanira anthu onse. Wina dzira lowiritsa limpweteka, wina adya popanda kanthu. Tengani kabuku, mulembe cimene mwadya ndi tsiku limene ululu wabwera. Pakatha mwezi mudzaona nokha adani anu, ndipo simudzadzimana zinthu zopanda mlandu.

KUONDA MOTHAMANGA

Kwathu kuno mai akanenepa timati asungidwa bwino, koma kunenepa ndi cimodzi mwa zinthu zazikulu zobweretsa timiyala, ndipo kucepetsa thupi ndi kwabwino. Msampha uli pa liwiro. Munthu akaonda mofulumira, mafuta a m'thupi asungunuka nathamangira ku ciwindi, ciwindi cikhuthulira kolesitulo m'ndulu, pamene kathumba kagona cifukwa munthuyo sakudya. Kutaya makilogalamu opitirira limodzi ndi theka pa sabata kuonjeza kwambiri ngozi ya timiyala. Atsikana ndi amai amene mumwa matiyi oondetsa ndi kudzimana cakudya kuti diresi ya ukwati ikwane, mumve bwino pamenepa. Muyeso wabwino ndi theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kuthandiza thupi ndi ndulu yomwe. Tsikani basi siteshoni imodzi musanafike.

ZA MAFUTA A OLIVE NDI MANDIMU

Tibwerere ku uthenga wa pa foni uja. Umati munthu asale cakudya, amwe madzi a maapozi, ndipo usiku amwe kapu ya mafuta a olive osakaniza ndi mandimu, ena aonjeza mcere wotsegula m'mimba. M'mawa mwake, popita kucimbudzi, atulutsa timibulu tobiriwira tambiri, nakondwa kuti timiyala tatuluka. Ena mpaka ajambula zithunzi.

Mu 2005, magazini ya madotolo ya The Lancet inafalitsa nkhani yocokera ku New Zealand ya mai wa zaka 40 amene anali ndi timiyala. Iye anamwa mamililita 600 a mafuta a olive ndi 300 a madzi a mandimu, natulutsa timibulu totere, natipereka kuti tipimidwe. Opima anapeza kuti munalibe kolesitulo, munalibe utoto wa ndulu, munalibe ciliconse copezeka m'kamwala keni-keni. Atatifunditsa pang'ono, tonse tinasungunuka kukhala mafuta obiriwira. Tinali sopo. Amai amene munaphunzira kupanga sopo ku kilabu mudziwa kuti mafuta akakumana ndi mankhwala oyenera amagwirana. Zimenezi ndizo zicitika m'matumbo: mafuta, madzi a mandimu ndi madzi ogaya cakudya apanga timibulu ta sopo usiku umodzi. Timiyala teni-teni tikhala tili pomwepo.

Kukhala kuti kunali kungotaya ndalama, tikanangoseka. Koma kumbukirani cimene mafuta acita ku kathumba. Kapu yathunthu ya mafuta ikafinyitsa ndi mphamvu yoposa ya cakudya ciliconse, ndipo kamwala kakang'ono katha kukankhidwira m'kanjira nikakakamira m'menemo. Kanjira kameneka kakumana ndi ka kapamba pafupi ndi matumbo. Pakatsekeka pamenepo kapamba atupa, ndipo matenda amenewo amapha. Viniga, mandimu, adyo, aloe vera ndi mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa m'mabasi, zonsezi sizifika m'kathumba ka ndulu kuti zikasungunule kanthu. Mowa nawonso sutsuka ndulu, ungoonjeza mtolo pa ciwindi ndi kapamba.

Alipo mankhwala a kucipatala ochedwa ursodeoxycholic acid amene asungunuladi timiyala, koma tating'ono ta kolesitulo tokha. Afunika kumwedwa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, ndi odula, ndipo mwa theka la anthu timiyala tibweranso pasanathe zaka zisanu. Ngati mankhwala eni-eni atenga zaka, ganizani nokha za botolo yolonjeza usiku umodzi.

PAMENE KHICHINI IYENERA KULEKERA CIPATALA

Thamangirani kucipatala, ngakhale pakati pa usiku, ngati ululu wapitirira maola 6 osaleka, ngati thupi latentha kapena munthu anjenjemera, ngati maso asanduka acikasu, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka ndipo cimbudzi cayera ngati dothi la makande ouma, kapena ngati asanza osaleka. Zimenezi zionetsa kuti kathumba katupa ndi kugwidwa tizilombo, kapena kanjira katsekeka. Musataye masiku mukumwa mankhwala a malungo osapimitsa cifukwa cakuti thupi latentha. Okalamba ndi odwala shuga asazengereze konse, cifukwa mwa iwo matenda akula mwakacetecete, ululu uli wocepa.

Ndiponso si ululu wonse wa pamalo amenewa uli wa ndulu. Mai wapakati wa miyezi yopitirira isanu akamva kuwawa kunsi kwa nthiti za kumanja, pamodzi ndi mutu, kutupa nkhope kapena kuona zinthu mwacimbuuzi, ikhoza kukhala BP ya pakati, ndipo afunika kucipatala ola lomwelo. Bambo wacikulire akamva kuthina pacifu ndi thukuta ndi befu, ukhoza kukhala mtima.

Copimira cabwino ndi sikani, yofanana ndi ija ya amai apakati. X-ray wamba aonetsa timiyala towerengeka cabe. Kiliniki ya m'komboni idzakulemberani kalata yopita ku cipatala cacikulu, monga Chipata Central Hospital, St Francis ku Katete, kapena UTH kwa a ku Lusaka.

Timiyala tikayamba kubvutitsa mobwereza-bwereza, cithandizo cokhalitsa ndi kucotsa kathumba konse, osati timiyala tokha, pakuti kathumba kodwala kadzapanganso tina. Opareshoni imeneyi si yacilendo. Woyamba kuicita anali Carl Langenbuch ku Berlin mu 1882, ndipo kuyambira mu 1985, pamene Erich Mühe wa ku Germany komweko anaicita kupyolera pa timabowo tating'ono, zipatala zimene zili ndi zipangizo zimaicita osang'amba mimba kwambiri. Munthu akhala bwino-bwino popanda kathumbaka, cifukwa ciwindi cipitiriza kupanga ndulu, imene tsopano ingodontha pang'ono-pang'ono m'matumbo. Ena atsegula m'mimba masabata oyamba, makamaka akadya zonona, koma ambiri abwerera ku cakudya ca masiku onse. Mai abereka monga kale, bambo abwerera ku nchito yake. Kadyedwe kamene tafotokoza kathandiza kwambiri pa miyezi yodikira tsiku la opareshoni, kuti ululu usabwere-bwere, koma kasakhale cifukwa cothawira tsikulo.

Akakupatsani tsiku la sikani ya ndulu, musadye kanthu kwa maola 6 kufika 8 musanapite. Madzi wamba mukhoza kumwa pang'ono, koma tiyi wa mkaka ai. Mukadya, kathumba kadzakhala katadzifinya kale, wopima sadzaona bwino m'kati mwake, ndipo adzakubwezani kuti mubwerenso tsiku lina. Odwala shuga afunse anamwino za nthawi yomwera mankhwala ao pa tsikulo.